Mbande ya kokonati ikafika pa chipata: mfundo zofunika kuzilingalira

Kuyambira pa 14 Disembala 2019, aliyense wolowetsa zipatso zaziwisi m'maiko a European Union amayenera kuonetsa chikalata cha boma la kumene zachokera, chotsimikiza kuti zilibe matenda kapena tizilombo toopsa. Zipatso zisanu zokha ndizo anazimasula pa lamuloli: chinanazi, nthochi, durian, zipatso za kanjedza ndi kokonati. Choncho kokonati wodya amalowa osafunsidwa kanthu. Koma kokonati yemweyo akamera n'kukhala mbande yoti ikadzalidwe, nkhani imasintha. Pamafunika zikalata, pamafunika kupima, ndipo maiko ena amayamba aibindikiritsa kwa miyezi yambiri. Ku America, kwa zaka zambiri, mbewu ya kokonati inkaloledwa kuchokera ku Jamaica ndi Costa Rica kokha, nakonso pokhapokha boma la kumeneko litachitira umboni kuti ndi ya mtundu wopirira matenda.

Amalonda ambiri amati uku n'kuvutitsa anthu chabe. Ndimawamvetsa, chifukwa mzere wa pa chipata sukoma, ndipo mbande imafota ikakhalitsa m'bokosi. Komabe malamulo amenewa amagwira ntchito imodzi yosowa woigwira: amayankhulira munthu amene pa chipatapo palibe, mlimi wakutali amene sadzamudziwa wobweretsa mbandeyo ndipo sadzafunsidwa ngati akuvomereza. Mbiri ya mtengo umodzi wokhawu ili ndi zambiri zotiphunzitsa.

1. Kuoneka bwino si umboni wa thanzi

Nankafumbwe wofiira wa mitengo ya kanjedza ndi kokonati kwawo ndi kummwera kwa Asia. Ndi chikumbu chotalika pafupifupi masentimita 3, ndipo chachikazi chimaikira mazira oposa 200 m'mabala a mtengo ndi m'tsinde mwa masamba. Mphutsi zikaswa zimalowa m'kati mwa thunthu n'kumadya mwakachetechete. Mibadwo ingapo imatha kukulira mumtengo umodzi, masamba kunjaku ali biriwiri. Tsiku limene mutu wa mtengo ukupendama, zikumbu zokhwima zimakhala zitauluka kale kupita ku mitengo ya anansi. Zafika poti akatswiri amagunditsa zida zomvetsera pathunthu kuti amve mphutsi zikutafuna, ndipo ena amaphunzitsa agalu kununkhiza mtengo wodwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa mwambiwu sukuphiphiritsa kanthu, ukungonena zimene zilipo.

Palinso kachilombo ka mtundu wa akangaude kotchedwa Aceria guerreronis, kamene kanalembedwa koyamba mu 1965 ku Guerrero, ku Mexico. Sikafika ngakhale theka la milimita, ndipo kamabisala pansi pa kachipewa ka chipatso, pamene chipatsocho chinalumikizana ndi phava lake. Pamenepo mankhwala opopera safika bwino, diso la munthu silifikako n'komwe. Kanafika ku Sri Lanka mu 1997 ndi ku Kerala, ku India, mu 1998, ndipo alimi anayamba kukolola zipatso zazing'ono, za zipsera, zina zikuyoyoka zisanakhwime. N'chifukwa chake maiko ambiri amafuna kuti kachipewa kaja ndi makoko zichotsedwe kokonati asanadutse malire.

Wopima mbewu akati "tsegulani tione", sakukutchulani wabodza. Munthu akhoza kulumbira ndi mtima wonse kuti mbande yake ndi yabwino, osanama ngakhale pang'ono, koma n'kukhala kuti akulakwa. Ambirife tikafunsidwa umboni timamva ngati tanyozedwa, chikhalirecho kukhulupirika kwathu sikutipatsa maso oona m'kati mwa thunthu.

2. Wobweretsa tsoka kawirikawiri amabwera ndi mtima wabwino

Mu 1909, pa chilumba cha Upolu ku Samoa, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani, panatsitsidwa mbande za mitengo ya rabara zochokera ku Ceylon, kumene lero ndi ku Sri Lanka. Zinabwera m'miphika, ndi dothi lake lomwe. Akatswiri amakhulupirira kuti m'dothi limenelo ndimo munali mphutsi za chikumbu chanyanga, Oryctes rhinoceros, chimene chimaboola mutu wa kokonati n'kudya masamba anthete asanatambasuke. M'zaka zotsatira chikumbucho chinafika ku Tonga, ku Wallis ndi ku Fiji, zilumba zimene moyo wake wonse unkatsamira pa kokonati. Amene anaitanitsa mbande zija za kokonati sankaziganiza n'komwe. Iye ankafuna rabara.

Ku Maldives, chikumbu china chodya masamba anthete, Brontispa longissima, chinapezeka mu 1999 pa chilumba cha hotela ya alendo, chitabwera ndi mitengo yokongoletsera malo yochokera kummwera chakummawa kwa Asia. Ku zilumba za Caribbean, kangaude wofiira wa masamba a kokonati anaoneka koyamba ku Martinique mu 2004, ndipo pofika 2007 anali ku Florida. Imodzi mwa njira zimene ankayendera inali zipewa ndi madengu olukidwa ndi masamba aawisi, zimene alendo amagula kuti akapatse abale kwawo.

Tikamafufuza wolakwa timayembekezera munthu wa nkhope yankhanza. M'nkhani zonsezi mulibe wotero. Muli mlimi wofuna mbewu yatsopano, mwini hotela wofuna pakhomo pokongola, mlendo wokumbukira mkazi wake ndi kamphatso. Cholinga chabwino timachilemekeza, koma sichitsuka dothi la mumphika. Funso la pa chipata si lakuti mumafuna kuchita chiyani, koma lakuti mwanyamula chiyani.

3. Wodya phindu ndi wolipira ngongole sakhala munthu mmodzi

Nankafumbwe wofiira uja anafika ku Egypt mu 1992 kudzera m'mphukira za kanjedza zochokera ku maiko a Aluya a ku Gulf. Nthawi yomweyo, m'mbali mwa nyanja ku Spain munkamangidwa mahotela ndi nyumba za alendo mwaliwiro, ndipo omangawo sankafuna kudikira zaka 20 kuti kanjedza akule. Ankafuna mtengo wautali kale, woti auimike lero, mawa aujambule. Mitengo yotere ku Egypt inali yotchipa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 chikumbucho chinali chitapezeka ku Almuñécar, kummwera kwa Spain. Mu 2004 chinaoneka ku Italy, mu 2006 ku France. Malamulo okhwima a European Union anadzabwera mu 2007, patapita zaka zoposa 10. Wogulitsa anali atalandira zake kalekale, womanga atagulitsa nyumba n'kuchoka. Ndalama zodulira ndi kutaya mitengo zikwizikwi zinatuluka m'misonkho ya anthu wamba ndi m'matumba a eni minda amene sanaitanitsepo mtengo ngakhale umodzi.

Uko n'kwa olemera, kumene mtengo ukafa chimatayika kwambiri ndi mthunzi ndi kukongola kwa msewu. Kwa wosauka nkhani ndi ina, ndipo chitsanzo chake tili nacho pafupi. Chigawo cha Zambézia ku Mozambique, chimene chimachita malire ndi Mulanje, chinali ndi minda ya kokonati yowerengedwa m'gulu la minda ikuluikulu padziko lonse, makamaka kuzungulira Quelimane. Ina inali ya makampani, koma mitengo yochuluka inali ya mabanja. Banja linkagulitsa mnofu wouma wa kokonati kwa oyenga mafuta, linkathira mkaka wake m'ndiwo ndi mumpunga, linkafolera nyumba ndi masamba ake, uchema nawo unkachokera momwemo. Mtengo umodzi umabereka chaka chonse kwa zaka 60 kapena kuposerapo, moti mwana ankaphunzira sukulu ndi mitengo imene anadzala agogo ake.

Kenaka kunabuka matenda otchedwa lethal yellowing, chikasu cha kokonati. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa phytoplasma, kamene kamakhala m'mitsempha ya mtengo ndipo kamafalitsidwa ndi tizilombo toyamwa madzi a m'masamba. Zipatso zimayoyoka zisanakhwime, maluwa amada n'kuuma, masamba amasanduka achikasu kuyambira apansi kukwera m'mwamba, mapeto ake mutu wonse umagwa, n'kutsala thunthu lokha. Zonsezi zimatha m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo mankhwala ochiziratu palibe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matendawa apha mitengo mamiliyoni ku Zambézia. Tsoka linabala linzake: mitengo yakufa ija ikayamba kuola, chikumbu chanyanga cha kuno ku Africa, Oryctes monoceros, chimaswerana momwemo, n'kumapha mbande zimene mlimi wadzala kuti ayambirenso. Pakati pa 2008 ndi 2013, ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America, mitengo yodwala ndi yakufa inadulidwa n'kutenthedwa yambirimbiri, mbande zatsopano zinagawidwa, ndipo alimi analimbikitsidwa kulima chitowe, nandolo, khobwe ndi mtedza podikira. Koma kokonati wamtali amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa kuti ayambe kubereka. Kwa gogo wa zaka 65, kumuuza kuti ayambirenso n'kumuuza kuti adzalire ena.

Tinene zoona: chikasu cha ku Mozambique sichinabwere ndi mwini hotela. Matenda a mtundu umenewu ndi akale m'magombe a Africa. Ku Tanzania analembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ku Ghana anaoneka mu 1932 ku Cape St Paul, pafupi ndi Keta. Ndawatchula chifukwa ali m'gulu la matenda oyambirira amene malamulo a kokonati amafuna kutsekereza, komanso chifukwa msewu wochokera ku Quelimane kudzera ku Mocuba ndi Milange umatulukira pa Muloza. Mbande yogulidwa m'mbali mwa msewu umenewo ikhoza kugona ku Mangochi tsiku lomwelo. Munthu asanachite chinthu chimene phindu lake ndi lake yekha, ayambe wadzifunsa kuti zikavuta adzalira ndani.

4. Chilolezo chimayamba, mbande imatsatira

Ndondomeko yake pafupifupi kulikonse ndi imodzi. Wofuna kuitanitsa amapempha kaye chilolezo ku ofesi yoteteza zomera ya dziko lake. Ofesiyo imaona mtundu wa mbewu ndi dera limene ikuchokera, n'kulemba zoyenera kukwaniritsa, kapena kukana. Zolembedwazo zimatumizidwa kwa wogulitsa, ndipo boma la kwawo limapima katunduyo motsatira zomwezo. Dothi sililoledwa. Katundu akafika amapimidwanso, ndipo ngati chilolezo chinatero, amapita ku malo obindikiritsira mbewu osati kumunda.

Anthu ambiri amayambira kumapeto. Amagula, amalipira ndege kapena lole, katundu akafika pa chipata m'pamene amayamba kufunsa, ndipo funso lake limakhala lakuti "tsono tithandizana bwanji?" Uku si kufunsa, n'kuika mnzako pa mpanipani. Wogwira ntchito amatsala ndi njira ziwiri zoipa: kutentha katundu wa munthu amene akulira pamaso pake, kapena kuphwanya lamulo. Khalidwe lomweli timaliona pomanga nyumba pamalo osaloledwa, ndi m'mabanja mwa anthu amene amakauza akuluakulu zinthu zitachitika kale.

5. Siginecha ya munthu mmodzi imanyamula dzina la dziko lonse

M'zaka za m'ma 1860 kachilombo kotchedwa phylloxera kanalowa ku France ndi mitengo ya mphesa yochokera ku America, n'kusakaza minda ya mphesa ya ku Ulaya kwa zaka makumi angapo. Mu 1881 maiko angapo anasainirana pangano ku Bern loti aziyang'anira kayendedwe ka mbewu. Mdzukulu wa pangano limenelo ndi International Plant Protection Convention, imene inakhazikitsidwa mu 1951 pansi pa FAO, ndipo lero muli maiko oposa 180. Chikalata cha thanzi la zomera chimachokera m'menemo. Si lisiti ya wogulitsa, ndi mawu a boma kwa boma linzake, ndipo maiko ambiri amafuna kuti chilembedwe m'masiku 14 omaliza katundu asananyamuke.

Dongosolo lonseli laima pa kukhulupirirana. Wopima wa kuno sangakwere ndege kukaona nazale ya ku Kerala. Amakhulupirira dzanja la mnzake amene sanamuonepo. Choncho amene wasainira mbande zimene sanazione, kaya chifukwa cha kangachepe kaya chifukwa cha ulesi wa Lachisanu masana, wanamiza dziko lonse lolandira, ndipo waikanso pangozi alimi a kwawo. Mu 2014 European Union inaletsa mango onse ochokera ku India kwa miyezi ingapo, chifukwa katundu wambiri wochokera kumeneko ankapezeka ndi tizilombo. Chiletsocho sichinasankhe. Mlimi wosamala anavutika pamodzi ndi wosasamala.

6. "Ndi imodzi yokha" ndi mawu amene aliyense amanena

Ku Philippines kuli matenda a cadang-cadang, amene anayamba kuonekera kwambiri cha m'ma 1930 pa chilumba cha San Miguel, m'chigawo cha Bicol. Apha mitengo ya kokonati yoposa 30 miliyoni. Kwa zaka pafupifupi 40 anthu ankangoona mitengo ikufa osadziwa chikuipha, mpaka mu 1975 pamene John Randles wa ku Adelaide anapeza kuti ndi viroid, kanthu kochepa kwambiri kuposa vairasi, kongokhala kachidutswa ka RNA kopanda chokuta. Kamapha pang'onopang'ono. Zipatso zimayamba kuchepa ndi kubulungira, kenaka mtengo umasiya kubereka, ndipo imfa imadza patatha zaka 8 mpaka 15.

Kafukufuku anasonyeza kuti matendawa amatha kudutsa kudzera m'mbewu, koma mwa apo ndi apo: pafupifupi imodzi mwa mbewu 300. Wonyamula mbewu imodzi m'chikwama angathe kunena kuti mwayi uli kumbali yake, ndipo masamu ake ndi olondola. Koma boma silikuwerengera iye yekha. Likuwerengera onse amene akunena mawu omwewo pa mabwalo a ndege ndi pa madoko chaka chonse, ndipo likudziwa kuti mbewu imodzi yodwalayo idzakula, idzabereka, idzagawidwa kwa anansi zaka zambiri wina asanakayike. N'chifukwa chake Philippines imaletsa kutulutsa mbewu ndi mbande m'madera okhudzidwa popanda chilolezo, ngakhale kupita nazo ku chigawo china cha dziko lomwelo. Zoipa zambiri za m'dziko sizichitidwa ndi munthu mmodzi wochita chachikulu, koma ndi anthu ambiri aliyense wochita chake chaching'ono, aliyense akudziona kuti iye yekha ndiye wapatulidwa.

7. Njira yotetezeka imachedwa

Mu 1993 FAO ndi bungwe la IBPGR anatulutsa malangizo a kasamutsidwe ka mbewu ya kokonati pakati pa maiko. Mfundo yake yaikulu inali yakuti m'malo monyamula chipatso chonse, ndi makoko ake ndi zonse zobisala m'menemo, akatswiri azichotsa kamluza kokha, kosakwana sentimita imodzi, kamene kamakhala kuseri kwa diso lofewa la chigoba. Kamluzako amakaika m'kabotolo kotsekedwa ndi chakudya chake, ndipo kamakulira mu labotale pafupifupi chaka kasanaone dothi. Tina timafa panjira. Ndi ntchito yodula, yotopetsa, yopanda chithunzi chokongola chotumiza kwa abwenzi. Amene amaichita amadziwa kuti mtengo wa zaka 60 sungaonongeke ndi kuchedwa kwa chaka chimodzi.

8. Chipata si khoma

Pali ena amene akamva nkhani zotere amathamangira kunena kuti titseke basi, chachilendo chisalowe. Mbiri ya kokonati ikuwatsutsa. Ku Jamaica, chikasu chitapha mitengo mamiliyoni ya mtundu wa Jamaica Tall kuyambira m'zaka za m'ma 1960, chimene chinapulumutsa alimi chinali mtundu waufupi wa Malayan Dwarf, wochokera kutsidya kwa dziko lapansi, ndi mwana wake Maypan, amene anabadwa poukwatitsa ndi Panama Tall. Ku Ghana, atayesa mitundu yambiri kwa zaka zambiri m'minda ya matenda, anapeza kuti yopirira kwambiri ndi Sri Lanka Green Dwarf ndi Vanuatu Tall, ndipo alimi anayamba kupatsidwa haibulidi ya mitundu iwiriyi. Chikumbu cha ku Samoa chija chinagonja ndi vairasi imene Alois Huger anaipeza ku Malaysia mu 1963, ndipo inamwazidwa ku Samoa mu 1967. Ku Maldives, mu 2004, anaitanitsa kamavu kakang'ono koikira mazira m'mphutsi za Brontispa.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo dziko lokana alendo onse likanakhala lopanda chodzalanso. Kusiyana kwa mlendo wopulumutsa ndi wowononga sikunali pa dziko lochokera. Vairasi ya ku Malaysia ndi kamavu kaja zinalowa poyera, zitafufuzidwa, dzina lake likudziwika, pali wina woyankha zikavuta. Zinazo zinalowa zitabisala. Mfundoyi ndimaikonda chifukwa imatichotsera ulesi wa mitundu iwiri, wa wotsegula osayang'ana ndi wa wotseka osaganiza.

9. Kupambana kwa dzulo sikulondera munda wa lero

Vairasi ya Huger inagwira ntchito bwino zaka pafupifupi 40, mpaka anthu anaiwala kuopa. Mu 2007 chikumbu chanyanga chinapezeka ku Guam, ndipo chinali cha mtundu umene vairasiyo siupha bwino. Mu Disembala 2013 chinafika pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, mu 2015 ku Honiara. Ku Hawaii zinapezeka kuti chimayenda m'milu ya manyowa ndi zinyalala za m'minda, ndipo boma linayamba kuletsa kusamutsa zinthu zimenezi kuchoka ku Oahu. Ku Jamaica nakonso, pofika m'zaka za m'ma 1990, Malayan Dwarf ndi Maypan zinayamba kufa ndi chikasu m'madera ena.

Ngakhale nkhokwe zosungira mitundu sizili pabwino. Mbewu ya kokonati siumitsidwa n'kusungidwa m'firiji monga chimanga, imasungidwa ili mtengo wamoyo m'munda. Nkhokwe ya maiko a ku South Pacific, pafupi ndi Madang ku Papua New Guinea, inapezeka itayandikiridwa ndi matenda a Bogia, amenenso amayamba ndi phytoplasma, moti panafunika kuyamba ntchito yoisamutsa.

10. Kuulula kumafuna kulimba mtima, ndipo boma lisapange woululayo kukhala chitsiru

Nankafumbwe wofiira anapezeka ku zilumba za Canary mu 2005. Boma la kumeneko linaletsa kuitanitsa kanjedza kuchokera kunja, linaika malamulo pa kusamutsa ndi kudulira mitengo, linatchera misampha, linadula yodwala, linaphunzitsa ogwira ntchito m'minda ndi kupempha anthu kuti azinena akaona chokayikitsa. Mu 2016 zilumbazo zinalengezedwa kuti chikumbucho chatheratu. Zimatheka, koma zimatheka pokhapokha mwini mtengo atalola kuti wake udulidwe kuti ya anzake ikhale.

Kuno kwathu tikudziwa kuwawa kwake. Matenda a chisaka anaoneka m'nthochi ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo anayenda ndi ana a nthochi amene anthu ankapatsana mwachikondi, mpaka anasakaza minda ya ku Thyolo ndi Mulanje. Pamene alangizi ankauza anthu kuti azule zonse, ena anakana, ndipo munda umodzi wosazulidwa unkabwezera matenda kwa onse amene anamvera. Mapeto ake nthochi zambiri za m'misika yathu zinayamba kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. N'kosavuta kudzudzula okanawo, koma tifunsenso mbali inayo. Munthu akaona kuti mnzake amene anaulula anazulidwa zonse n'kutsala manja lende, kudikira mbande zolonjezedwa zimene zikuchedwa, iye adzabisa. Dziko lofuna kuti anthu azinena msanga liyenera kufika ndi mbande zabwino pa nthawi yomwe likufika ndi nkhwangwa. Kupanda kutero, likuphunzitsa anthu kuti chilungamo chimasaukitsa.

11. Lamulo liyambire pa wamkulu

Tsiku la 12 Meyi ndi lokumbukira thanzi la zomera padziko lonse, ndipo dziko limene linatsogolera pempho limeneli ku United Nations, mpaka kuvomerezedwa mu 2022, ndi Zambia. Ndi chinthu chonyaditsa kwa ife a kuno, koma tsiku lokumbukira silipima katundu. Tabwererani m'nkhani zili pamwambazi muone amene anasuntha tizilombo mtunda wautali: munda waukulu wa rabara, hotela ya pa chilumba, makampani omanga nyumba. Ndi anthu a makontena, odziwana ndi akuluakulu, okhoza kuimba foni imodzi katundu n'kutuluka. Chipata chimene chimalanda mayi kathumba ka zipatso zodya koma n'kuchitira sawatcha lole ya mbande za bwana sichikuteteza mlimi aliyense. Chikungophunzitsa osauka kudzera njira za m'tchire, kumene kulibe wopima. Wogwira ntchito amene wakaniza katundu wa munthu wamphamvu chifukwa alibe chilolezo ayenera kutetezedwa ndi mabwana ake, osati kusamutsidwira kutali.

Tsono inu amene mukumanga malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kapena Nkhata Bay, ndipo mukulakalaka mzere wa kokonati pakhomo, gulani mbande zomeretsedwa konkuno. Ngati mtundu umene mukuufuna kuno kulibe, pitani kaye ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Lunyangwa mukafunse za chilolezo, ndalama isanatuluke m'thumba. Akakukanizani, musaitanitse.